Mpweya Umene Unamangidwa ku Zilibwino

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu amatopa asanafikeko kuli dziko lotchedwa Zilibwino. Dzinali si la makolo ayi. Linaperekedwa ndi boma chaka china kutagwa njala, pofuna kuti mlendo akafunsa kuti kuno n'kuti, alandire mayankho awiri nthawi imodzi.

Mfumu ya dzikoli inali Chitukumula Wachiwiri, munthu wathupi ndithu, wokonda zinthu zonyezimira. Chaka china mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tapitakale inaitumizira mphatso ya galimoto yosamwa petulo kapena dizilo. Inkayendera mpweya wotchedwa haidirojeni. Mpweyawo unkasungidwa wopanikizidwa m'thanki kumbuyo, n'kumalowa pang'onopang'ono m'kabokosi kamene kankapanga magetsi oyendetsera matayala. Kumchira, m'malo mwa utsi, kunkadontha madzi. Mfumu inawakonda madziwo. Inalamula kuti azitungidwa ndi supuni n'kumwetsedwa nduna zimene zachita bwino mwezi umenewo.

Chimene chinkaisowetsa mtendere n'chakuti mpweyawo inali isanauone ndi maso. Inaitanitsa katswiri wa zasayansi wa kunyumba yachifumu, Dokotala Alefa Chikwakwa, mayi wamtali amene ankayankha funso lalifupi ndi phunziro lathunthu.

"Tsegulani thanki ndimuone mnyamata amene amandiyendetsayu," inatero mfumu.

"Mwini dziko, saoneka. Komanso chitseko chakecho chikatsegulidwa ndi tchizulo, labala wake sadzagwiranso bwino. Mpweyawo uzidzatuluka."

Mfumu inati yamva. Dokotala anayamba wautulutsa mpweya wonse poopa ngozi, asilikali anakanula chitsekocho, ndipo mfumu inasuzumira m'thanki yopanda kanthu kwa nthawi yaitali. Itadzuka inati yauona, ndipo ndi wooneka bwino. Nduna zinasuzumiranso imodziimodzi n'kuvomereza. Ina inati yaona kuti mphuno ya mpweyawo ndi yofanana ndi ya mfumu.

Anatseka thankiyo n'kuidzazanso. Pa Tsiku Lothokoza Mfumu, galimotoyo inanyamuka patsogolo pa gulu la malipenga, koma itafika pakati pa msika wa Nong'onani inayamba kulira ngati njoka, n'kuima. Dokotala Chikwakwa anathamanga msika wonse akukuwa kuti aliyense azimitse moto, chifukwa mpweya umenewu ukakumana ndi lawi umalipuka. Ootcha chimanga ndi okazinga tchipisi anathira madzi pambaula zawo. Mfumu inabwerera kunyumba galimoto ikukankhidwa ndi oimba, malipenga atawapanira m'khwapa.

"Galimoto yabwino," anatero Mayi Nachanza, ogulitsa thobwa, akuyang'ana chigulucho. "Yalemba ntchito anthu ambiri."

"Ndipo utsi ilibedi," anayankha Che Likwata, omata matayala a njinga pafupi nawo. "Yachotsa ndi utsi wa ena omwe."

Tsiku lomwelo bwalo la nduna linakumana. Woyamba kuimirira anali Bambo Malilime, Nduna Yofotokoza Zimene Mfumu Imatanthauza.

"Galimoto sinafe, mwini dziko. Inaima dala kuti anthu akuoneni bwinobwino."

"Nanga mpweya wanga uli kuti?"

Nduna zinayang'anana. Dokotala Chikwakwa anayankha kuti wapita kumwamba, pakuti haidirojeni ndi wopepuka kuposa mpweya wina uliwonse, ndipo akapeza kampata ngakhale kosalowa tsitsi amatulukira pomwepo. "Ndinanena kale," anamaliza motero.

"Mwamva nokha," anatero Bambo Malilime. "Ananena kale. Munthu angadziwe bwanji kuti uje athawa ngati sanapangane naye?"

Dokotala anaweruzidwa pompo pa mlandu wodziwiratu. Kenako mfumu inakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira tsiku limenelo mpweya wa mtundu uliwonse usathawenso m'dziko la Zilibwino popanda chilolezo. Inachotsanso nkhani yosunga haidirojeni m'manja mwa asayansi n'kuipereka kwa munthu wodziwa kusunga zinthu zofuna kuthawa, Mkulu wa Ndende, Bwana Yotamu Kachingwe.

Bwana Kachingwe anali munthu wamfupi wa ndevu zosamalidwa, amene ankayenda ndi makiyi ambiri m'chiuno moti ankamveka asanaoneke. Chiyambireni ntchito pa ndende ya Khalanipompo, mkaidi anali asanathawepo, ndipo nkhani imeneyi ankaiuza ngakhale anthu a pamaliro.

"Kachingwe," inatero mfumu, "akuti iwe suthawitsa. Ndikukupatsa mkaidi uyu. Tsiku lothokoza lichitikanso mwezi wa Juni, ndipo kazembe wa ku Tapitakale adzakhalapo. Akathawanso, udzalowa m'malo mwake."

Bwana Kachingwe anawomba m'manja ndi kuthokoza. Ali panjira anayamba kuganizira za ndende yake. Ndendeyo ankaidziwa kuposa wina aliyense. Ankazidziwa nsikidzi zake, ankachidziwa chidebe cha pakona, ndipo nyemba zofumbwa zimene akaidi ankadya ankabweretsa anali mlamu wake.

Kumsika lamulo latsopanolo linafika ndi apolisi onyamula zibonga. Munthu wousa moyo ankatengedwa. Wogeya ankatengedwa. Mphunzitsi wina anamangidwa chifukwa choimba likhweru poitana galu wake. Nyemba zinasiya kugulidwa, makamaka ndi ogwira ntchito kunyumba yachifumu, ndipo ogulitsa kabichi anabwerera kumudzi.

Mayi Nachanza ndiwo anali pamoto, chifukwa botolo la thobwa lochita bwino silitseguka mwakachetechete. Anaphunzira kulitsegulira m'kati mwa chitenje uku akuimba nyimbo ya fuko mokweza, kotero kuti wapolisi ankayamba waima njo, ndipo pomaliza nyimbo wogula ankakhala atamwa kale.

"Mwayamba kulikonda dziko, mayi," anatero Che Likwata.

"Kunja kukatentha ndimalikonda kwambiri. Nanga inu malonda?"

"Ine ndine wa boma tsopano. Tayala likaphulika ndimagwira wothawa. Dzulo wapolisi anandichitira sawasha, koma chigamba sanalipire."

Uko ku Khalanipompo, Bwana Kachingwe anayamba ndi njira zimene ankazidziwa. Thanki yodzazidwa kumene anaiika m'chipinda cha akaidi oopsa, anaikulunga ndi unyolo, anaikhoma loko, n'kuika alonda awiri pakhomo. Pathankipo panali kasingano kosonyeza kuchuluka kwa mpweya, ndipo m'mawa uliwonse kankapezeka katatsika. Analamula kuti mkaidiyo asaonedwe ndi alendo. Kanatsikabe. Anamukalipira, anamuopseza kuti amusamutsira ku ndende ya kumapiri, kenako anakhala pansi n'kumuuza mofatsa kuti naye ali ndi ana. Atatopa anamata kasinganoko ndi phula kuti kasasunthe, koma mtima sunakhale pansi, chifukwa thankiyo inkamvekabe ikupuma.

Pamapeto pake anapita kuchipinda cha Dokotala Chikwakwa. Anawapeza atanenepako. Khoma lonse anali atalilemba masamu ndi khala.

"Adokotala, mukukhala bwanji muno?"

"Bwino kwambiri, bwana. Kuno kulibe misonkhano. Chiyambireni ntchito sindinaganizepo mwaufulu chonchi."

Bwana Kachingwe anakhala pa chidebe chovundikira n'kuvula chipewa. "Akundithawa, mayi. Ndithandizeni. Kodi chinthu chimenechi chimasungidwa bwanji?"

Dokotala anakonza kukhosi ngati ali m'kalasi. Anati njira yoyamba ndi kuupanikiza mwamphamvu m'thanki yolimba, monga anachitira a ku Tapitakale.

"Imeneyo ndiyo timachita kuno," anatero Bwana Kachingwe. "Chipinda cha anthu ochepa timaikamo mudzi wonse."

"Imagwira ntchito thanki ikakhala yabwino. Yathuyi asilikali anaikanula ndi tchizulo. Chopanikizidwa chimangofunafuna potulukira, ndipo chikapeza chimatuluka chonse nthawi imodzi."

Njira yachiwiri, anatero, ndi kuuziziritsa mpaka usanduke madzi. Bwana Kachingwe anati ali ndi chipinda chozizira chimene amagonekamo atolankhani. Dokotala anati kuzizira kwake n'koposa kumeneko kutalitali, ndipo kumafuna magetsi osazima. Onse awiri anayang'ana babu la padenga, limene linayaka komaliza pa tsiku lobadwa la mfumu, ndipo sanaitchulenso njirayo.

"Yachitatu ndi imene ndalemba pakhomapa," anatero Dokotala. "Pali zitsulo zina zimene mukazisakaniza n'kuzipera kukhala ufa, zimamwa haidirojeni ngati mmene chinkhupule chimamwera madzi. Tizidutswa ta mpweyawo timalowa m'timipata ta chitsulo n'kukhazikika mmenemo. Sipafunika kupanikiza kwambiri. Thanki itabooka, mpweya umatuluka mwaulesi, osati mwaukali."

"Mukuti aliyense amakhala m'chipinda chakechake?"

"Tingatero."

"Zipinda zingati?"

"Simungaziwerenge, bwana."

Maso a Bwana Kachingwe analengeza misozi. Moyo wake wonse ankapempha boma kuti limuwonjezere zipinda. Dokotala anapitiriza kunena kuti ufawo ndi wolemera, komanso kuti sulola mpweya kutuluka pokhapokha utafunditsidwa, koma iye sankamvanso. Ankaona makonde ataliatali a zitseko zotsekedwa.

Ntchito inayamba m'bwalo la ndende. Antchito sanasowe, chifukwa lamulo la mpweya linali litadzaza Khalanipompo ndi owotcherera zitsulo, amakaniko, aphunzitsi ndi kwaya yonse ya tchalitchi china imene inapuma molakwika pakati pa nyimbo. Anapera, anasefa, anawotcherera. Thanki yatsopano itatha, anthu ambiri analephera kuinyamula, ndipo pofuna kuti ilowe m'galimoto anachotsa mpando wa wonyamula ambulera wa mfumu. Anaidzaza mpweya. Kasingano kanakhala pamalo pake osasuntha, popanda phula.

Bwana Kachingwe ankaizungulira tsiku ndi tsiku, manja kumbuyo. Tsiku lina anaona kapaipi kozungulira thankiyo ngati nyemba pamtengo.

"Aka n'kachiyani, Adokotala?"

"Kamadutsa madzi ofunda ochokera kukabokosi ka magetsi. Kamafunditsa ufawo kuti mpweya uzitha kutuluka."

Bwana Kachingwe anangogwedeza mutu. Dokotala atabwerera kuchipinda chawo, iye anaitana wowotcherera n'kumulamula kuti akadule. "M'ndende mwanga mulibe madzi ofunda," anatero, "ndipo sindimanga njira yotulukira ndi manja anga."

Tsiku lothokoza kunacha ndi chisanu chija cha mu Juni chimene chimalowa m'mano. Bwalo la kunyumba yachifumu linadzaza. Wailesi ya boma inaika cholankhulira patsogolo pa mfumu kuti dziko lonse limve. Kazembe wa ku Tapitakale anakhala pa mpando wofewa atafunda bulangete, nkhope yake ili ya munthu wokonzeka kukafotokoza kwawo. Dokotala Chikwakwa anabweretsedwa ndi unyolo m'manja, kuti zinthu zikavuta pasachite kufunafuna wolakwa.

Mfumu inalowa m'galimoto. Dalaivala anadina batani. Galimoto inangoti phee. Anadinanso, n'kuyang'ana kumwamba.

"Kachingwe, wathawanso?" inafunsa mfumu pawindo.

Bwana Kachingwe anayang'ana kasingano, anaima njo, makiyi ali ngwerengwere. "Ayi, mwini dziko. Alimo yense. Sanatuluke ngakhale pang'ono, ndipo satuluka."

"Ndiye galimoto iyenda bwanji?"

Funso limeneli Bwana Kachingwe anali asanaliganizirepo. Dokotala anasuzumira kumbuyo, anaona pamene panali kapaipi paja, n'kutsegula pakamwa kuti afotokoze, koma Bambo Malilime anawatsekereza.

"Mwini dziko, nkhaniyi ndi ya malamulo. Mkaidi satuluka m'ndende popanda chikhululukiro cha mfumu. Akudikira mawu anu. Ndi ulemu umenewu."

Mfumu inakondwa ndi yankholo. Inatuluka, inakwera pansanja, n'kuyandikira cholankhulira.

"Ine Chitukumula Wachiwiri, mwa chifundo changa chodziwika, ndakhululukira Hai... Haidolo... Hadiro..." Inaima. Kazembe anatsokomola m'bulangete. Mfumu inatupa masaya n'kuyambiranso mokweza. "Aliyense amene ali m'manja mwa Kachingwe ndamukhululukira. Atuluke tsopano lino."

Anthu anawomba m'manja. Dalaivala anadina batani. Galimoto sinasunthe.

Koma ku Khalanipompo alonda ankamvera wailesi. Anayang'anana, anafunsana ngati amva mofanana, ndipo popeza mawu a mfumu safunsidwa kawiri, anatsegula zitseko zonse. Pabwalo paja wapolisi amene anagwira Dokotala Chikwakwa anawamasula unyolo n'kuwauza kuti azipita.

"Ndipite kuti? Masamu anga ali pakhoma," anatero Dokotala mokwiya. Kenako anatembenukira kwa mfumu. "Mwini dziko, mpweya sumvera wailesi. Ufawu wazizidwa. Ukufuna kufunditsidwa basi."

Mkulu wa asilikali analamula kuti abweretse mbaula aiike pansi pa galimoto. Dokotala anaima kutsogolo kwake atatambasula manja. Anati moto usayandikire, chofunika ndi kufunda kofatsa, konga kwa thupi la munthu.

Mfumu inayang'ana nduna zake. Zinali zonenepa bwino, zitavala majekete aubweya, ndipo kwa zaka zambiri zinali zisanapatsidwe ntchito yooneka ndi maso.

"Khalanipo," inatero.

Nduna ya Zachuma ndiyo inayamba kukwera n'kukhalira thankiyo. Inatsatira ya Zaulimi, ya Zamaphunziro, kenako Bambo Malilime, amene anakhala pakona akufotokozera wailesi kuti bwalo la nduna lasamukira pafupi ndi anthu. Chitsulocho chinali chozizira zedi, ndipo nkhope zawo zinasonyeza. Zinapanikizana, zinakumbatirana, zinafunda bulangete la kazembe limene iye anabwereketsa mosaumirizidwa pofuna kuona mathero ake. Dzuwa litakwera pang'ono, kumchira kunadontha dontho limodzi la madzi. Galimoto inanjenjemera n'kuyamba kuyenda.

Inkayenda pang'onopang'ono, chifukwa inanyamula ufa wa chitsulo, mfumu ndi boma lonse. Nduna ikati isunthe mwendo, galimoto inkatsokomola, mfumu n'kutembenuka, ndunayo n'kukhalanso bwino. Pofika pa msika wa Nong'onani, chigulucho chinakumana ndi akaidi onse a ku Khalanipompo akubwera wapansi, kwaya ija ili patsogolo ikuimba ndi kupuma mmene ikufunira.

Mayi Nachanza anatsegula botolo la thobwa poyera, likulira mmene limalirira, n'kupatsa mphunzitsi wa likhweru uja. Wapolisi anayang'ana kumbali.

"Taonani nduna zathu, Che Likwata," anatero. "Zikufungatira."

"Tidikire tione chimene chiswedwe," anayankha Che Likwata.

Madzulo ake mfumu itamva kuti ndende ili pululu, inaponya nsapato. Koma ku Zilibwino mfumu silakwitsa, choncho Bambo Malilime, ataimirira chifukwa kukhala pansi kunkawavuta, analengeza kuti zonsezo zinakonzedwa kalekale. Mfumu inawonjezeredwa dzina lakuti Womasula. Lamulo la mpweya silinathetsedwe, koma linasiya kutchulidwa, ndipo nyemba zinabwerera pamsika. Dokotala Chikwakwa anabwezeretsa kapaipi kaja, koma mfumu inalamula kuti nduna zizikhalabe pathanki paulendo uliwonse, ponena kuti zikakhala pamenepo imadziwa kumene zili. Dokotala anapempha ndende yopanda anthuyo kuti ikhale malo ake ogwirira ntchito, ndipo anapatsidwa. Pachipata anaikapo lamulo limodzi, lakuti pasachitike msonkhano.

Bwana Kachingwe sanamangidwe, chifukwa mpweya sunathawe. Anapatsidwa mendulo ya chifundo, imene ankachita nayo manyazi kuivala, n'kupumitsidwa pantchito. Anapereka makiyi onse kwa Dokotala, ndipo popita kunyumba anthu sanamuzindikire chifukwa ankayenda mwakachetechete.

Mkazi wake, Mayi Esinta, anamupirira masiku ochepa akuzungulirazungulira pabwalo manja kumbuyo.

"Bambo a Tiyanjane, simungakhale chonchi. Ndagula nkhuku. Muzizisunga, poti ndiyo ntchito mumaidziwa."

Bwana Kachingwe anamanga khola la mawaya awiri, anaika loko pachitseko, nkhuku iliyonse n'kuipatsa chipinda chake. M'mawa ankaziitana mayina zitafola. Mlungu usanathe zinapeza pobowoka kuseri kwa chomwera madzi, ndipo zonse zinapezeka kwa aneba zikudya gaga.

Iye anaima pakhomo pa kholalo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Mayi Esinta anabwera kudzaima pambali pake.

"Musadandaule," anatero. "Zimabwera zokha dzuwa likamalowa. Ingosiyani chitseko chotsegula."

"Chotsegula?"

"Chotsegula."

Anachisiya chotsegula, koma anakoka mpando n'kukhala pafupi nacho, kuti aliyense wodutsa aone kuti pali woyang'anira.